Ndalama Zili M'foni, Nanga Kiyi Ali ndi Yani?

Ndalama ya pepala ili ndi khalidwe limodzi limene anthu ambiri saliganizira: siikumbukira kumene yachokera. Mlimi akagulitsa dengu la tomato n'kulandira ndalama m'manja, pepalalo silinena kuti wagula ndani, pa ola lanji, kapena kuti mawa likagula mbewu kaya mankhwala a mwana. Ndalama ya m'foni si choncho. Ikangochoka m'chikwama china kupita m'chinzake, imasiya dzina, nambala ndi tsiku m'kaundula wa kampani, ndipo kaundulayo amasungidwa kwa zaka. Masiku ano ndalama zambiri za alimi a m'chigawo chino zikuyenda m'njira imeneyi. Motero nkhani yoti amawerenga kaundulayo ndani, ndiponso angatseke chikwama cha munthu ndani, yafika pakhomo pa aliyense.

Mayi wina wa ku Domboshava, dera la kumpoto kwa Harare lotchuka ndi ulimi wa m'madimba, wakhala akulimbana ndi nkhani imeneyi kwa zaka zambiri. Agogo ake adachokera ku Dedza nthawi ya atsamunda kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Iye adabadwira pa famu, ndipo mpaka lero amalankhula Chichewa ndi abale ake, Chishona ndi akuchimuna. Amalima tomato ndi repu n'kumakagulitsa ku msika wa Mbare mbandakucha. Ndiyenso msungichuma wa gulu la amayi losunga ndi kubwereketsana ndalama, limene kumeneko amati mukando, pamene ku Malawi amati banki m'khonde. Udindo umenewu udamuphunzitsa kusathamangira ndalama iliyonse yatsopano, chifukwa zikasowa, maso onse amakhala pa iyeyo.

Zimene adaona ndi maso ake

M'chaka cha 2008 mitengo ya zinthu ku Zimbabwe inkakwera m'mawa, n'kukweranso madzulo. Ndalama zimene mayiyu adasunga ku banki kwa zaka zingapo, zoti adzagulire mpope wothiririra, zidafika posagula ngakhale buledi. Mu Januwale 2009 banki yaikulu ya dzikolo idatulutsa pepala limodzi lolembedwa madola 100 thililiyoni, ndipo pasanapite nthawi boma lidalola kuti anthu azigwiritsa ntchito madola a ku America ndi marandi. Phunziro loyamba lidali limenelo: nambala yolembedwa m'buku la ku banki ikhoza kukhalabe yomweyo, mphamvu yake itatha.

Kenaka kudabwera ndalama za m'foni. Kampani ya Econet idayambitsa EcoCash m'chaka cha 2011, ndipo pamene ndalama za pepala zidayamba kusowa m'mabanki cha m'ma 2016, pafupifupi wamalonda aliyense ku Mbare adayamba kulandira malipiro pa foni. Kunena zoona, mayiyu adapuma. Sankaopanso akuba a m'basi, sankafunafunanso chenje, ndipo mwana wake wa ku Johannesburg ankatumiza thandizo n'kufika tsiku lomwelo. Gulu nalonso lidagwirizana kuti zina mwa ndalama zake zizikhala m'foni.

Koma walira mvula walira matope. Mu Okutobala 2018 nduna ya zachuma, a Mthuli Ncube, idakhazikitsa msonkho wa masenti 2 pa dola iliyonse yotumizidwa kudzera m'foni kapena ku banki. Mu Febuluwale 2019 banki yaikulu idalengeza kuti ndalama za m'maakaunti ndi m'mafoni, zimene anthu ankaziwerenga ngati madola a ku America, tsopano ndi ndalama ina yotchedwa RTGS, ndipo dola imodzi ya ku America idayamba kusinthidwa ndi ma RTGS awiri ndi theka. Amayi amene adasonkha madola enieni adadzagawana chinthu china chopepuka. Palibe amene adathyola bokosi, palibe amene adaba foni, koma thumba la gulu lidaphwa.

Pa 26 Juni 2020 boma lidalengeza kuti layimitsa ntchito zotumiza ndalama pa foni, ponena kuti anthu osintha ndalama mozembera ankagwiritsa ntchito njirayi pogwetsa ndalama ya dzikolo. Mawa lake banki yaikulu idafotokoza kuti anthu wamba apitirize kugula ndi kugulitsa, koma zikwama za maejenti zidaimitsidwa. Mu Ogasiti chaka chomwecho idalamula kuti munthu akhale ndi chikwama chimodzi chokha, ndipo asapyole madola 5,000 a ku Zimbabwe pa tsiku. Mu Sepitembala 2021 idalengeza poyera mayina a anthu 30 amene idati ankachita malonda osintha ndalama mozembera, n'kulamula kuti maakaunti awo atsekedwe. Mayiyu sadali pa mndandandawo, ndipo sankakayika kuti osintha ndalama mozembera alipodi. Chimene chidamukhudza n'chakuti mayinawo adatuluka milandu isanazengedwe. Apa m'pamene adazindikira kuti ngakhale chikwamacho chili m'foni yake, ndipo kampani yake si ya boma, kiyi wamkulu ali ku likulu.

Maganizo a mwana wake

Mwana wake wamwamuna, amene amagwira ntchito ya magetsi ku Johannesburg, adabwera ndi yankho pa tchuthi china cha Khirisimasi. "Amayi," iye adatero, "mwavutika mokwanira ndi ndalama za boma. Ikani ndalama za gulu mu Bitcoin. Imeneyo ilibe nduna, ilibe gavanala, palibe angaitseke."

Zimene ankanenazo zidali ndi mutu. Bitcoin idayamba kugwira ntchito mu Januwale 2009, mwezi womwewo umene pepala la 100 thililiyoni lidatuluka ku Harare. Woyambitsa wake, amene adadzitcha Satoshi Nakamoto, adaikonza kuti isadzapyole 21 miliyoni, choncho palibe angadzuke m'mawa n'kusindikiza zina. Kaundula wake sakhala mu ofesi imodzi. Amakopedwa m'makompyuta zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana, ndipo makompyutawo amagwirizana okha pa malipiro aliwonse. Amene ali ndi mawu achinsinsi a chikwama ndiye mwini ndalamazo.

Mwanayo adatchulanso za ku Nigeria. Mu Okutobala 2020, achinyamata a kumeneko adachita zionetsero zotsutsa nkhanza za gulu la apolisi lotchedwa SARS. Njira zolandirira thandizo kudzera ku banki zitayamba kutsekeka, bungwe la amayi la Feminist Coalition lidayamba kulandira zopereka mu Bitcoin, ndipo ntchito yogula chakudya ndi kulipirira ovulala kuchipatala idapitirira. Mwezi wotsatira banki yaikulu ya dzikolo idatenga chilolezo ku khoti chotseka maakaunti 20 a anthu okhudzidwa ndi zionetserozo.

Mayiyo adamvetsera mpaka mwanayo adamaliza. Kenaka adafunsa mafunso amene amafunsa aliyense wofuna kusunga ndalama za gulu. "Mwanawe, tandiuza. Angaone ndalama zathu ndani? Angatiletse kuzitenga ndani? Nanga zikasowa, tikadandaule kwa yani?"

Bitcoin pa sikelo

Pa funso loyamba, yankho lake limadabwitsa ambiri. Kaundula wa Bitcoin ndi wapoyera. Aliyense wokhala ndi intaneti angathe kuona ndalama zimene zalowa ndi kutuluka m'chikwama chilichonse kuyambira tsiku limene chidatsegulidwa. Chobisika ndi dzina lokha, popeza chikwama chimadziwika ndi mndandanda wa manambala ndi zilembo. Komabe munthu akafuna kugula kapena kugulitsa Bitcoin pa msika wovomerezeka amafunsidwa chiphaso. Ku South Africa, kuyambira mu Disembala 2022, makampani ochita malonda a crypto ali pansi pa lamulo lowakakamiza kudziwa makasitomala awo ndi kukanena malonda okayikitsa. Dzina likangolumikizidwa ndi chikwama kamodzi kokha, mbiri yonse imaonekera, ndipo kaundulayo safufutika. Alipo makampani, monga Chainalysis, amene ntchito yawo ndi kulondola mapazi amenewa n'kugulitsa nzeruzo kwa maboma.

Pa funso lachiwiri, mwanayo ankanena zoona pang'ono. Palibe ofesi imene ingafufute ndalama m'kaundula wa Bitcoin. Koma wogulitsa feteleza ku Harare amafuna madola, ndipo khomo lochokera ku Bitcoin kupita ku madola boma limatha kulitseka. Mu Meyi 2018 banki yaikulu ya Zimbabwe idalamula mabanki kuti asiye kugwira ntchito ndi misika ya crypto. Kampani ya Golix ya ku Harare idakamang'ala ku khoti lalikulu n'kupeza chiletso, koma malonda ake sadabwererenso mwakale. Mu Januwale 2019, pa nthawi ya zionetsero zokana kukwera mtengo kwa mafuta, boma lidatseka intaneti kwa masiku angapo. Ndalama yosatsekeka imene sungaifikire pa tsiku la vuto siisiyana kwenikweni ndi yotsekedwa.

Funso lachitatu ndilo lidavuta kwambiri. Munthu akataya mawu achinsinsi, amene kawirikawiri amakhala 12 kapena 24, ndalama zapita. Akatumiza ku chikwama cholakwika, palibe wobweza. Mtengo nawo sukhazikika: Bitcoin imodzi idafika pafupifupi madola 69,000 mu Novembala 2021, koma pofika Novembala 2022 idatsika kufika cha m'ma 16,000. Gulu limene limagawana ndalama mu Okutobala kuti ligule mbewu silingadikire zaka ziwiri kuti mtengo ukwerenso. Ilipo mitundu ina ya crypto, monga USDT, yomangiriridwa ku dola kuti isamasinthesinthe, koma imeneyo ili ndi mwini wake, kampani ya Tether, ndipo kampaniyo imatha kuumitsa chikwama apolisi akapempha.

Kuwonjezera apo pali akathyali. Ku South Africa komweko kumene mwanayo amakhala, kampani ya Mirror Trading International idalonjeza anthu phindu la mwezi ndi mwezi pa Bitcoin yawo, n'kumalipira akale ndi ndalama za atsopano, mpaka idagwa mu Disembala 2020. Akuluakulu oona za malonda ku America adati kampaniyo idatolera ma Bitcoin oposa 29,000. Ambiri adalowamo chifukwa chokokedwa ndi mnzawo wa kutchalitchi kapena wa kuntchito. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndalama ya boma pa sikelo yomweyo

Mlangizi wa zachitukuko amene amayendera gululo adali ndi maganizo ena. Iye ankati tsogolo lili m'njira zoyendetsedwa ndi boma, ndipo zifukwa zake zidali zomveka. Thandizo likamapita molunjika ku foni ya wolandira, mayina a anthu ongopeka amachepa, ndiponso ndalama sizidutsa m'manja ambiri momwe zimatha kudonthera. Munthu akalakwitsa nambala ali ndi kokadandaula. Wakuba akatumiza ndalama ku foni yake amasiya phazi. Kaundula yemweyo amene amadetsa nkhawa ndi amenenso amagwiritsa mbava.

Komabe pali kusiyana pakati pa ndalama ya m'foni ya kampani ndi ndalama ya pa kompyuta yotulutsidwa ndi banki yaikulu. Pa yoyambayo, boma limayenera kugogoda pa chitseko cha kampani kuti lione kaundula, ndipo kampaniyo ikhoza kukana kapena kupita ku khoti. Pa yachiwiriyo, wosindikiza ndalama, wosunga kaundula ndi wotseka chikwama amakhala mmodzi yemweyo.

Dziko loyamba mu Africa kuyesa njira yachiwiriyi ndi Nigeria yomwe ija. Mu Febuluwale 2021 banki yaikulu idaletsa mabanki kuthandiza malonda a crypto, ndipo pa 25 Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Muhammadu Buhari adakhazikitsa eNaira. Anthu sadaithamangire. Kafukufuku wa bungwe la IMF wa m'chaka cha 2023 adapeza kuti pa zikwama 100 zilizonse zimene zidatsegulidwa, zoposa 98 sizinkagwiritsidwa ntchito pa sabata. Kumapeto kwa 2022 ndi kumayambiriro kwa 2023 boma lidasintha mapepala a naira n'kuchepetsa ndalama zimene munthu angatape ku banki. Ndalama za pepala zidasowa, alimi a m'midzi adalephera kugulitsa zokolola, ndipo m'mizinda ina mudabuka zipolowe. Mu Marichi khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo lidagamula kuti mapepala akale apitirire kugwira ntchito. Pofika Disembala 2023 chiletso cha crypto chija chidachotsedwanso.

Ku Zimbabwe nakonso banki yaikulu idatulutsa ndalama ya pa kompyuta yotsamira pa golide mu Meyi 2023, ndipo mu Epulo 2024 idakhazikitsa ndalama yatsopano ya ZiG. Mu Sepitembala chaka chomwecho dola imodzi ya ku America, imene inkasinthidwa ndi ma ZiG pafupifupi 14, idayamba kusinthidwa ndi ma ZiG oposa 24 tsiku limodzi. Alimi a ku Malawi akudziwa ululu wotere, pakuti kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuika ndalama pa kompyuta sikuiteteza ku chiganizo cha amene ali ndi mphamvu pa iyo.

Nzeru ya bokosi la maloko atatu

Mayi wa ku Domboshava sadagwirizane ndi mwana wake, sadagwirizanenso kotheratu ndi mlangizi. Muyeso wake adautenga pa chinthu chimene amachidziwa bwino. Magulu ambiri osunga ndi kubwereketsana ndalama, potsata njira imene bungwe la CARE lidayambitsa ku Niger m'chaka cha 1991, amasunga ndalama m'bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi amakhala ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi sakhala ndi kiyi. Bokosi limatsegulidwa pamaso pa onse, ndalama zimawerengedwa mokweza, koma zokambidwa pamenepo sizituluka kunja. Amene zikuwakhudza amaona zonse, amene sizikuwakhudza saona kanthu, ndipo palibe mmodzi angatsegule kapena kutseka yekha.

Poyerekeza ndi bokosi limeneli, njira ziwiri zija zili ndi chilema chofanana. Ndalama ya pa kompyuta ya boma imapereka makiyi onse atatu kwa wosunga bokosi. Bitcoin imapereka makiyi onse atatu kwa mwini foni, n'kupachika buku la ndalama pa mtengo wa pamsika. Kwina munthu amadalira kuti olamulira akhala achilungamo mpaka kalekale. Kwinaku amadalira kuti iye mwini sadzaiwala, sadzapusitsidwa, ndiponso sadzamwalira asanauze wina mawu achinsinsi.

Bokosi nalo lili ndi mavuto ake, ndipo mayiyu sabisa. Limabedwa, makamaka nthawi yogawana ikayandikira, pamene mudzi wonse ukudziwa kuti ladzaza. Pa chifukwa chimenechi gululo lidagwirizana kuti ndalama zambiri zizikhala m'manja mwa mamembala ngati ngongole, m'bokosi muzitsala zochepa, ndipo phindu likapezeka lizisandutsidwa msanga mbuzi, mbewu kapena mapaipi. Foni adaisiyira malonda a tsiku ndi tsiku ndi kulandira thandizo lochokera kutali, osagonekamo ndalama zambiri. Za Bitcoin, mayiyu adauza mwana wake kuti ngati akufuna ayese ndi ndalama zake zimene angapirire zitatayika, koma za amayi anzake ayi.

Palinso chinsinsi china chimene mwanayo ndi mlangizi sadachitchule, koma amayi a m'gululo amachidziwa. Uthenga wonena kuti ndalama zalowa umafika pa foni imene nthawi zina imakhala m'thumba la bambo. Ejenti wa pa golosale amadziwa amene walandira zingati, ndipo nthawi zina ndi mphwake wa munthu amene uli naye ngongole. Kwa mayi wosungira mwana fizi, maso a pafupi amenewa amaopsa kuposa a ku likulu. N'chifukwa chake m'gululo muli lamulo loti nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale ejenti amene akuthandiza kudina.

Ntchito imene yatsalira alangizi

Alimi sangapewe ndalama za m'foni, ndipo palibe chifukwa choti azipewe. Chofunika n'chakuti mphamvu pa ndalamazo igawidwe monga momwe makiyi a bokosi amagawidwira. Maiko angapo m'chigawo chino ali kale ndi malamulo oteteza mbiri ya munthu: Zambia ndi Zimbabwe adawakhazikitsa m'chaka cha 2021, la ku South Africa lidayamba kugwira ntchito mokwanira chaka chomwecho, ndipo Malawi adakhazikitsa lake mu 2024. Koma lamulo limene anthu ake salidziwa limangogona m'kabati. Makalabu a alimi, makopaletivi ndi mabungwe a m'madera ali ndi ufulu wofunsa aphungu awo ndi mabanki aakulu kuti chikwama cha munthu chisatsekedwe popanda chilolezo cha khoti, kuti mwini wake auzidwe chifukwa chake, kuti pakhale kokadandaula m'chiyankhulo chimene iye amamva, ndiponso kuti ndalama ya pepala ipitirire kulandiridwa paliponse. Gulu likafuna kusunga ndalama m'foni, lifunse ngati kampaniyo ili ndi chikwama cha gulu chofuna kuti anthu awiri kapena atatu avomereze ndalama zisanatuluke, pakuti makampani ena ali nazo.

Alangizi nawonso ndi osunga makiyi, ngakhale ambiri sadziona choncho. M'zikwama zawo mumakhala mapepala olembedwa mayina, manambala a ziphaso, manambala a foni ndi ndalama zimene banja lililonse lalandira. Pepala lotere likasiyidwa pa tebulo la ku ofesi, likajambulidwa n'kutumizidwa pa WhatsApp, kapena likaperekedwa kwa wandale nthawi ya kampeni, chinsinsi cha mudzi wonse chimatha popanda banki yaikulu kapena kompyuta ya kutali kutengapo mbali. Mlangizi asanalembe nambala ya chiphaso cha mlimi, ayenera kukhala wokonzeka kumuuza kumene pepalalo likupita, amene akaliwerenge, ndi tsiku limene lidzawonongedwe. Mlimi akafunsa zimenezi asatengedwe ngati wovuta. Akuchita ntchito ya msungichuma wa banja lake.